Munthu wa nduwira pakhoma la nyumba ya Papa

Ku Vatican, m'nyumba ya Papa, muli chipinda chimene khoma lake lina analijambula ndi Raphael pakati pa 1509 ndi 1511. Chithunzicho chimatchedwa Sukulu ya ku Athens. Chikuonetsa akatswiri a nzeru zakale atasonkhana pamodzi, Plato ndi Aristotle ali pakati. Cha kumanzere kuli bambo wina wovala nduwira, atawerama n'kumasuzumira paphewa la Pythagoras kuti aone zimene akulemba. Odziwa za chithunzichi amati bamboyo ndi Ibn Rushd, woweruza milandu wa ku Cordoba amene anamwalira ku Marrakesh mu 1198. Azungu amamutcha Averroes.

Nkhani zamtunduwu ndazimva kangapo pamisonkhano ya achinyamata ndi pamacheza a pakhonde la mzikiti, ndipo nthawi zonse zimathera pa mawu amodzimodzi: Azungu anaba nzeru zathu. Wolankhula amakhutira, omvera amagwedeza mitu, aliyense n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Ine mawuwa sandikhutiritsa. Muli choonadi ndithu, koma amatigoneka tulo, ndipo amabisa zimene tikadaphunzira pa nthawi imene chithunzicho chinajambulidwa.

Nthawiyo imatchedwa Renaissance, liwu la Chifalansa lotanthauza kubadwanso. Inayambira m'mizinda ya ku Italy m'zaka za m'ma 1300, makamaka ku Florence, ndipo poyamba inali ntchito ya anthu osakasaka mabuku. Francesco Petrarca anapeza makalata a Cicero ku Verona mu 1345, makalata amene anali atangokhala zaka mazanamazana popanda wowasamala. Poggio Bracciolini, mlembi wa ku ofesi ya Papa, ankayenda m'nyumba za amonke akumpoto kukafukula mipukutu yodzala fumbi, ndipo mu 1417 anatulukira buku la Lucretius limene linali litatsala pang'ono kutheratu. Mu 1396 akuluakulu a ku Florence anaitanitsa mphunzitsi kuchokera ku Constantinople, Manuel Chrysoloras, kuti adzaphunzitse Chigiriki, chinenero chimene ophunzira ambiri a ku Italy sankachidziwa. Anthuwa ankalimbikira zimene ankati maphunziro a umunthu: malamulo a chinenero, luso la kulankhula, ndakatulo, mbiri yakale ndi makhalidwe. Ankakhulupirira kuti munthu wowerenga bwino zakale amaganiza bwino, ndipo angathe kuyendetsa mzinda mwanzeru.

Apa pali mfundo imene sitikonda kuitchula. Ambiri mwa iwo sankazikonda nzeru za Aarabu. Petrarca analemba mosabisa kuti ankanyansidwa ndi madokotala a Chiarabu ndi otsatira a Ibn Rushd. Cholinga cha gulu lake chinali kudumpha mabuku omasuliridwa kuchokera ku Chiarabu n'kukatunga okha pachitsime cha Chigiriki ndi Chilatini. Amene anganene kuti kubadwanso konseku kunachokera ku Baghdad ndi ku Cordoba akuwonjeza, ndipo mwana wathu akakabwereza zimenezi pamaso pa mphunzitsi wodziwa mbiri adzachita manyazi.

Komabe ngongole ilipo, ndipo ndi yaikulu. Mzinda wa Toledo utagwa m'manja mwa Akhristu mu 1085, mabuku a Chiarabu amene anali mmenemo anakoka ophunzira ochokera kutali. Gerard wa ku Cremona, amene anamwalira mu 1187, anapita kumeneko kukafuna buku la Ptolemy la zakuthambo, naphunzira Chiarabu, namasulira mabuku oposa 70 m'Chilatini. Limodzi mwa iwo linali buku lalikulu la zamankhwala la Ibn Sina, limene masukulu ena a udokotala ku Ulaya analiphunzitsa mpaka m'zaka za m'ma 1600. Leonardo Fibonacci wa ku Pisa anaphunzira manambala amene timalemba lerowa ali mnyamata ku Béjaïa, m'dziko la Algeria, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya zamalonda, ndipo buku lake la mu 1202 linawafalitsa pakati pa amalonda a ku Italy. Pepala lenilenilo linachokera ku China, n'kudzera ku Samarkand, Baghdad ndi Spain lisanafike ku Fabriano, kumene a ku Italy anamanga mafakitale awo. Lorenzo Ghiberti, wosula zitseko zamkuwa zotchuka za ku Florence, polemba za mmene diso limaonera anatsamira kwambiri pa Ibn al-Haytham. Copernicus m'buku lake la mu 1543 anatchula dzina la al-Battani.

Taonani mfundo yomalizayo. Mbala sitchula mwini katundu. Anthuwa ankatchula mayina, ankatsutsana ndi Ibn Rushd m'makalasi a ku Padua ngati ali moyo, mpaka anamujambula pakhoma la Papa. Chimene anachita ndicho kupita kwa anthu a chipembedzo china, amene mafumu awo ankamenyana nawo nkhondo, n'kukhala pansi kuphunzira chinenero chawo. Ndipo ndi zomwezo zimene anachita a ku Baghdad m'masiku a Khalifa al-Ma'mun, pamene mabuku a Agiriki ankamasuliridwa m'Chiarabu. Wotsogola pantchitoyo, Hunayn ibn Ishaq, anali Mkhristu, ndipo amene ankamulipira sanaone chovuta. Ngati kumeneku n'kuba, ndiye kuti anayamba kuba ndi makolo athu amene timawanyadirawo.

Funso limene limandikhudza kwambiri ndi lakuti: ankalipira ndani? Womasulira amadya, wokopera mabuku amafuna inki ndi nyali. Ku Florence ankalipira anali amalonda a nsalu zaubweya ndi eni mabanki. Niccolò Niccoli, mwana wa wamalonda, anathera chuma chake pogula mipukutu, ndipo atamwalira mu 1437 Cosimo de' Medici anabweza ngongole zake n'kuika mabukuwo m'laibulale ya San Marco, imene inatsegulidwa mu 1444 kuti wofuna kuwerenga alowe. Cosimo yemweyo anapatsa Marsilio Ficino nyumba ndi mipukutu ya Chigiriki kuti amasulire mabuku onse a Plato, ntchito imene inasindikizidwa mu 1484, mwini ndalamayo atamwalira kalekale. Sindikunena kuti Cosimo anali woyera mtima. Anali munthu wandale wochenjera, wofuna ulemu, ndipo banki yake inkapeza phindu m'njira zimene ife sitingazivomereze. Koma anaika ndalama pa chinthu chimene zipatso zake sanazione ndi maso. Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi eni mabwato, eni magolosale ndi ana otumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg. Timasonkha bwino za mwambo wa maliro ndi za ukwati. Za shelefu ya mabuku kapena za fizi ya mwana wa mnansi wakhoza kusekondale, dzanja limalemera.

Wina anganene kuti: kodi si nthawi yomweyi imene inabweretsa ziboliboli zamaliseche, ndi maganizo amene pambuyo pake anachititsa ambiri ku Ulaya kuiwala Mulungu? Funsoli ndi lomveka. Chiboliboli cha David chimene Michelangelo anamaliza mu 1504 sichingaime pabwalo la Msilamu. Ndipo anthu a nthawiyo sanali achifundo onse: Granada inagwa mu 1492, ndipo patangopita zaka zochepa Kadinala Cisneros analamula kuti mabuku a Chiarabu atenthedwe poyera mumzindamo, n'kupulumutsapo a zamankhwala. M'zaka zomwezo zombo za Apwitikizi zinali zitayamba kale kunyamula akapolo ku magombe a Africa. Palibe akutikakamiza kumeza zonse. Agogo athu amene anakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akabatizidwa anali ndi chifukwa chenicheni, ngakhale mtengo wake tikuulipirabe. Koma kusankha kumafuna kudziwa. Sultan Mehmed II, amene analanda Constantinople mu 1453, ankasunga mabuku a Chigiriki m'nyumba yake yachifumu, ndipo anapempha boma la Venice kuti limutumizire wojambula. Anabwera Gentile Bellini, ndipo chithunzi cha Sultan cha mu 1480 lero chili ku London. Mashehe angatsutsane ngati kujambulitsako kunali koyenera, koma mfumuyo sinkaopa kuyang'ana zimene adani ake ankachita.

Pamene njira zinasiyaniranatu ndi pa makina osindikizira. Johannes Gutenberg anatulutsa Baibulo lake ku Mainz cha mu 1455, ndipo pofika 1500 mizinda yoposa 200 ya ku Ulaya inali ndi makinawa. Buku limene mlembi ankalikopera miyezi linayamba kutuluka mazanamazana. Ku Venice, cha mu 1538, banja la Paganini linafika posindikiza Qur'an m'Chiarabu, ngakhale inatuluka ndi zolakwika zambiri. Buku la Ibn Sina lija linasindikizidwa m'Chiarabu ku Rome mu 1593. Ku Istanbul, Msilamu woyamba kuloledwa kusindikiza, Ibrahim Müteferrika, analandira chilolezo mu 1727, ndipo chinali cha mabuku osakhudza chipembedzo. Buku lake loyamba linatuluka mu 1729, zaka zoposa 270 pambuyo pa Gutenberg. Pomwalira mu 1745 anali atasindikiza mabuku 17.

Tibwerere kwa bambo wa nduwira uja. Cha mu 1195, kwawo komwe ku Andalusia, Khalifa Yaqub al-Mansur anamuchotsa paudindo, namuthamangitsira ku Lucena, nalamula kuti mabuku ake a nzeru zakuya atenthedwe. Anamukhululukira atatsala pang'ono kumwalira. Patapita zaka 350, osindikiza a banja la Giunta ku Venice anatulutsa mabuku onse a Aristotle pamodzi ndi ndemanga za Ibn Rushd m'Chilatini, pakati pa 1550 ndi 1552. Zina mwa zolemba zake m'Chiarabu zinatayika. Ndemanga yake pa buku la Plato lonena za kayendetsedwe ka dziko tili nayo lero chifukwa Myuda wina, Samuel ben Judah wa ku Marseille, anaimasulira m'Chiheberi cha mu 1320.