Nyali za m'misewu ya ku Chitawira

Ndimati tikambirane pang'ono za amuna aja a ku Chitawira amene, dzuwa likalowa ndipo amayi atanyamula malichero awo kuchoka pa msika wa Kamba, amatuluka ndi tochi ndi wezulo m'manja, nayendayenda m'tinjira ta pakati pa mipanda kufikira tambala woyamba alira, kuti mwana wochokera kusukulu ndi namwino woweruka usiku akafike kwawo osavulidwa thumba kapena foni. Ameneŵa achita monga anachitira anthu a Nehemiya, amene aliyense anamanga linga pandunji pa nyumba yake. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Koma mlonda sangayatse nyali yozima pamtengo, kapena kuvundikira ngalande yoyasama m'mbali mwa Kenyatta Drive. Imeneyo ndi ntchito ya khonsolo ya mzinda wa Blantyre, imene lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaisenzetsa udindowu, ndipo eni nyumba amaipatsa msonkho chaka ndi chaka. Tikumbuke kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo madandaulo ankathera m'malere. Lero khansala alipo, wosankhidwa ndi chala chathu.

Choncho, inu a ku Chitawira, Naperi ndi Nkolokosa, ŵerengani nyali zakufa mumsewu wanu, lembani papepala, muitane khansala wanu pabwalo, mum'funse tsiku limene zidzayake.