Masewera amene sadziwa kuti dzuwa lalowa

Kunyumba kwathu kuno ku Mchinji tikusunga mnyamata wa Fomu 3, mwana wa mlongo wathu, chifukwa sukulu yake ili pafupi ndi ife. Si mwana wovuta. Madzi amatunga, kumunda wa mtedza amapita osachita kumukankha, ndipo sitinamvepo kuti wapezeka m'nyumba zoonetsera mavidiyo pamsika. N'chifukwa chake zinatitengera nthawi kuti tidziwe chimene chinkamufiiritsa maso m'mawa uliwonse. Poyamba tinaganiza za malungo. Kenako tinati mwina akuwerenga mpaka usiku, mtima n'kumanyadira mwakachetechete. Tsiku lina titadzuka cha m'ma 1 koloko usiku kukaona chimene agalu ankauwa, tinaona kakuwala m'neti mwake. Anali pa foni yakale ija tinamupatsa kuti azifufuzira za kusukulu.

"Iwe, ukutani usiku ngati uno?"

"Pepani amalume, ndingosuntha kamodzi kokhaka. Mzindawu watsala pang'ono kugwa."

Foni tinalanda, monga mmene kholo lililonse likanachitira. Koma kutacha tinamuitana kuti atisonyeze mzinda umene unkagwawo, pakuti n'kovuta kuletsa chinthu chimene sukuchidziwa.

Makolo ambiri tikamva za masewera ankhondo a pa foni timaganiza za aja owomberana mfuti, zala zili piringupiringu, phokoso lili pwepwepwe. Awa ndi ena. Pa foni pamaoneka mapu ogawidwa m'timabokosi, nthawi zambiri ta ngodya 6. Wosewera amakhala ngati mfumu kapena mkulu wa asilikali wa m'mbiri yakale. Ikafika nthawi yake amasuntha magulu ake a nkhondo, amamanga mizinda, amawerengera chuma ndi chakudya, akatha amadina batani, mdani n'kusunthanso ake. Mdaniyo kawirikawiri ndi foni yomweyo. Palibe kuthamanga. Ukhoza kuganiza mphindi 10 usanasunthe msilikali mmodzi, masewerawo n'kumangokudikira.

Otchuka kwambiri a mtundu umenewu ndi Civilization, amene Sid Meier anatulutsa koyamba mu 1991 pa kompyuta. Civilization VI inafika pa iPad mu 2017 ndi pa mafoni a Android mu 2020, ndipo mwa atsogoleri amene munthu angasankhe muli Shaka wa Azulu ndi magulu ake a impi. Koma imeneyo imafuna foni yamphamvu ndiponso ndalama. Ana athu ambiri ali ndi ang'onoang'ono, onga European War ndi World Conqueror a kampani ya EasyTech, onena za nkhondo za Napoleon ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ambiri a iwo akangolowa m'foni safunanso bandulo. Choncho kholo limene limadzilimbitsa mtima kuti "mwana wanga sindimugulira data" lisagone tulo tofa nato.

Titayang'ana kwa kanthawi tinaseka, chifukwa tinazindikira kuti chinthuchi timachidziwa kalekale. Ndi bawo. Pitani pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Waliranji madzulo, mukapeza abambo atazungulira thabwa la maenje 32 ndi njere 64, mmodzi akuwerenga chamumtima kumene dzanja lake likathere asanatole n'komwe. Anzathu a kutsidya kwa Mwami ali ndi nsolo, ana amakumba ntchuwa pansi, ena amasewera drafti ndi zitsekerero za mabotolo. Onsewa ndi masewera odikirana: iwe usewere, ine ndisewere, wopambana ndi amene waona patali. Ndipo tisabise, zabwino zake tinaziona. Mnyamata amene ankati jogalafe ndi yotopetsa anatilozera mtsinje wa Danube ndi mapiri a Alps osajejema. Anatifotokozera kuti gulu la nkhondo likapita kutali ndi kumene kumachokera chakudya chake limafooka, ndipo kuti kumenyana ndi adani awiri nthawi imodzi n'kudziputira. Kuleza mtima, kuwerengera, kusunga lero kuti udye mawa, zonsezi zilimo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masewerawa amaphunzitsadi kudekha.

Nanga vuto lili pati? Bawo ali ndi zinthu ziwiri zimene foni ilibe. Choyamba ndi dzuwa. Mdima ukagwa maenje saoneka, mwini thabwa amalinyamula, nsima yapsa kunyumba, masewera atha. Chachiwiri ndi mnzako wosewera naye, amene amatopa, amayasamula, amati "tionana mawa achimwene." Foni imabwera ndi kuwala kwakekwake, ndipo mdani wa m'katimo sayasamula. Kuwonjezera apo, masewerawa anapangidwa mwakuti nthawi iliyonse pamakhala kanthu kena kotsala pang'ono kutheka. Mzinda ugwa ukasuntha kawiri, koma usanagwe mlatho watsala katatu kuti uthe, mlatho ukatha zombo zafika. Palibe pamene zonse zimathera pamodzi kuti munthu anene kuti basi. Osewera Civilization a m'maiko ena amachita kuseka okha za "kamodzi kokha" kameneka, kamene kamawafikitsa mbandakucha. Mphwathu sanatinamize usiku uja. Ankakhulupiriradi kuti kwatsala kamodzi.

Akatswiri a za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Mwana wodzuka 5 koloko kuti asese, asambe ndi kuyenda wapansi kupita kusukulu, akagona 1 koloko wagona maola anayi okha. Ndiponso sagona nthawi yomwe wazimitsa foniyo, chifukwa mutu umakhala ukusunthabe asilikali. Tulo ndi nthawi imene ubongo umalongedza zimene waphunzira masana. Mwana wosagona mokwanira amaiwala, amapsa mtima msanga, amasinza m'kalasi, ndipo ife akulu timathamangira kumutcha waulesi.

Tisathamangirenso kumutcha wodwala. Bungwe la World Health Organization linaika vuto losatha kudziletsa pa masewera otere m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma limanena za munthu amene walephereratu kudzigwira, waika masewera patsogolo pa zina zonse, ndipo akupitiriza ngakhale sukulu, ntchito kapena ubale zikuwonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Osewera ambiri safika pamenepo. Chimene kholo liyenera kuyang'ana si foni yokha ayi, koma zimene zasiyidwa chifukwa cha foniyo: tulo, chakudya, homuweki, mpira wa madzulo ndi anzake. Yang'ananinso ndalama. Masewera ambiri "aulere" amagulitsa akuluakulu a asilikali amphamvu m'kati mwake, kapena amapereka mphoto kwa woonera zotsatsa malonda, zina mwa izo zosayenera mwana.

Komabe chimene chinatikhudza kwambiri tsiku limenelo si tulo. Mnyamatayo atalanda mzinda uja, pa foni panangotuluka manambala: ndalama zawonjezeka mwakuti, dera lasintha mtundu kuchoka pa wobiriwira kukhala wofiira, kanyimbo kachipambano n'kulira. Tinamufunsa kuti, "Nanga anthu a mumzindamo apita kuti?" Anatiyang'ana ngati tafunsa kuti njere za bawo zikadyedwa zimalira bwanji. Mu bawo funsolo n'lopusadi, chifukwa njere ilibe dzina. Koma masewerawa amatchula mizinda yeniyeni, zaka zenizeni ndi nkhondo zimene munafa ana a anthu. Amaonetsa mbiri monga mmene amaionera munthu woimirira pamwamba pa mapu, osati mayi wothawa ndi mwana kumsana.

Ife a ku Mchinji sitifunika kupita ku Ulaya kuti tidziwe kusiyana kwake, pakuti tikulima pa mapu oterowo. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba, amene anachoka kumwera m'masiku a chipwirikiti a nthawi ya Shaka yemwe uja wa m'foni, anawoloka Zambezi tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Patapita zaka, gulu la mwana wake Mpezeni linakhazikika m'dera la Chipata wa lero ndi mbali ino ya malire, m'dziko la Achewa a kwa Mkanda ndi Ansenga. Kwa wosewera, kumeneko kukanangokhala kusintha kwa mtundu wa timabokosi. Kwa anthu a nthawiyo kunali kumanga malinga kuzungulira midzi, kuthawira m'mapiri, nkhokwe kutenthedwa, ana kutengedwa n'kukakulira m'manja mwa eni nkhondo.

Kenaka bawo linatembenuka. Azungu ankakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Mjeremani wina, Carl Wiese, anali atapeza chilolezo kwa mfumuyo, chimene pambuyo pake chinagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anachokera mbali ino ya Nyasaland, pamodzi ndi Asikh a ku India ndi asilikali achikuda, atanyamula mfuti za Maxim ndi mizinga. Angoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anali ndi mikondo ndi zishango. Nkhondoyo sinathe mwezi. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Mpezeni, ali nkhalamba, anadzipereka ndipo anasungidwa kwa kanthawi ku Fort Manning, n'kudzamwalira mu 1900. Fort Manning ameneyo ndi Mchinji wathu yemweyu. Dzinali linachokera kwa William Manning, msilikali amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, ndipo linasinthidwa titalandira ufulu, monganso Fort Jameson anasanduka Chipata. Mzere umene unajambulidwa pa mapu masiku amenewo ndi umene lero umachititsa kuti munthu wa kwa Mlonyeni kapena kwa Zulu awoloke malire a dziko popita kukalira maliro a azakhali ake, kapena kukaonera Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale.

Mphwathuyo ankadziwa chaka cha nkhondo ya ku Waterloo, 1815, ndi mayina a akazembe a Napoleon. Dzina lakuti Fort Manning anali atalimvapo m'kalasi, koma sankadziwa kuti munasungidwapo mfumu. Sitikumuimba mlandu. Opanga masewerawa amajambula mbiri imene iwo akuidziwa ndi imene ikugulika, ndipo ya kwathu kuno inasiyidwa m'manja mwa ife eni ake. Kunena zoona, ifenso tinali tisanamukambirepo.

Titakambirana ndi mayi a kunyumba, tinagwirizana zosafufuta masewerawo. Ena mwa inu mutitsutsa, ndipo pali ana ena amene kufufuta ndiko kungawathandize. Koma ife tinaona kuti ubwino wa masewera odikirana ndi womwewo wakuti amadikira. Ukawasiya lero, mawa ukapeza asilikali ako ali pomwe unawasiya, palibe chimene chawonongeka. Mwana wosewera owomberana ndi anzake pa intaneti akhoza kudandaula kuti akachoka agwetsa timu. Uyu alibe chonamizira. Tsono tinamubwezera dzuwa lija limene foni inachotsa. Nthawi yosiyira imanenedwa asanayambe, ndipo timatchula ola, osati "ukalanda mzinda," chifukwa mizinda siitha. Ikakwana 8 koloko usiku mafoni onse a m'nyumba, yathu yomwe, amagona pa tebulo la pabalaza pamene pali batire la sola. Lamuloli linayamba kutipweteka ife eni, pakuti tinali titazolowera kugona ndi WhatsApp m'manja. M'kati mwa sabata ya sukulu saseweranso, kupatula Lamlungu masana akamaliza kuchapa yunifolomu, ndipo amasewerera pakhonde, osati kuchipinda.

Tinamubwezeranso mnzake wosewera naye. Masabata ena timakhala naye pamphasa, iye n'kumasuntha, ife n'kumafunsa mafunso otopetsa aja: asilikali onsewa akudya za ndani, alimi a m'dera walandalo akolola liti, amasiye awasamala ndani. Poyamba ankanyinyirika. Masiku ano amayankha, nthawi zina amatitsutsa, ndipo tinagula bawo lakale kwa kalipentala wina kuti tione ngati nzeru za Napoleon zingagwire ntchito pa maenje 32. Mpaka pano sizinagwire.

Pa tchuthi chathachi tinapita naye kumudzi kukaona agogo ake, mayi athu, amene maso anachita khungu koma mutu udakali wakuthwa. Madzulo, tikusenda mtedza, mnyamatayo anayamba yekha.

"Agogo, kodi n'zoona kuti kuno kunali nkhondo ya Angoni?"

Agogowo anakhala chete kanthawi. Kenako anati agogo awo aakazi ankasimba kuti ali kamtsikana anagona masiku ambiri m'phanga kuphiri, akulu atawaletsa kusonkha moto kuopa utsi, ndipo kuti mng'ono wawo wina anatengedwa osabwereranso. Anatchula dzina la mwanayo. Ife amene tinakulira pakhomo pomwepo tinali tisanalimvepo.

Mnyamatayo anapempha foni, ngakhale linali Lachitatu. Tinamupatsa. Anatsegula pojambulira mawu, n'kuisendeza pafupi ndi agogo ake.

"Agogo, tayambiraninso. Munati anali ndani dzina lake?"