Za M'dimba: Matimati ndi Nzimbe

Makolo ndi achinyamata a m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, tisamasamale mbeu ziŵirizi ngati zapachibale. Nzimbe timabzala zidutswa za mfundo zitatu pamalo a chinyontho, n'kupalira, n'kudikira chaka chathunthu; tikadula, zitsa zimaphukanso zokha. Koma matimati ndi mwana wakhanda. Timafesa pa nazale, kuwokera patapita masabata 4, kuzika timitengo tomangirira, kuthyola mphukira, ndipo pothirira madzi apite patsinde, osati pamasamba, kuwopa chiwawu. Kutentha kwa kuno ku Salima mu Okutobala kumayoyola maluŵa ake, choncho tifese mvula ikangotha, mu Epulo. Tikatero, fizi ya ana ya mu Seputembala idzachokera m'matimati, nzimbe zikali kukula.