Jacques Kallis ndi Mtolo wa Wosewera Kiriketi wa Maluso Awiri

Pa masewero a kiriketi, timu iliyonse imakhala ndi osewera 11, ndipo ambiri mwa iwo amasankhidwa chifukwa cha luso limodzi, kaya lomenya mpira ndi thabwa pofuna kupeza marani, omwe ndi mapointi a masewerowa, kaya loponya mpira pofuna kugwetsa mawiketi, kutanthauza kutulutsa omenya a timu inayo. Koma pali gulu lachitatu, lomwe ndi losowa kwambiri, la osewera amene amadalirika pa ntchito zonse ziwiri, omwe eni masewerowa amawatcha all-rounder. Mmodzi mwa osewera otere ndi Jacques Kallis wa ku South Africa, amene anabadwira ku Cape Town mu 1975, ndipo mbiri yake imagawanitsa otsatira kiriketi, pakuti ena amati sipanakhalepo womuposa, pamene ena amati iye anali womenya chabe amene ankaponyako mpira pothandizira anzake.

Amene amamukweza amayambira pa ziwerengero, ndipo ziwerengerozo n'zovuta kuzitsutsa. Pa masewero a Test, omwe amatha kutenga masiku asanu ndipo amaonedwa ngati muyeso weniweni wa luso, Kallis anasewera maulendo 166 kuyambira 1995 mpaka 2013, napeza marani 13,289, nagwetsa mawiketi 292, komanso nawakha mipira 200 yotulutsira omenya. Maulendo 45 anafika marani 100 asanatulutsidwe, ndipo pamene ankapuma, Sachin Tendulkar wa ku India yekha ndiye anali pamwamba pake, ndi maulendo 51. Pa masewero a tsiku limodzi anapezanso marani 11,579 ndi mawiketi 273. Phindu la munthu wotere limaonekera posankha timu, chifukwa iye amadzaza malo a anthu awiri, zomwe zinkapatsa South Africa mpata wowonjezera womenya wina popanda kuchepetsa oponya. Mu 1998, pamene dzikolo linatenga chikho cha ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, ku Dhaka, Kallis anagwetsa mawiketi asanu pa masewero omaliza olimbana ndi West Indies ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wonsewo.

Otsutsa sakana ziwerengerozi, koma amafunsa mmene zinapezekera. Mawiketi 292 pa masewero 166 akutanthauza kuti Kallis sankafika ngakhale mawiketi awiri pa masewero amodzi, pamene Ian Botham wa ku England anagwetsa 383 pa masewero 102, ndipo Kapil Dev wa ku India anagwetsa 434 pa masewero 131. Akatswiri awiriwa, pamodzi ndi Imran Khan wa ku Pakistan ndi Richard Hadlee wa ku New Zealand, ndiwo ankatsogolera kuponya m'matimu awo, pamene Kallis nthawi zambiri ankaitanidwa kuti oponya otsogolera ngati Allan Donald, Shaun Pollock, Makhaya Ntini kapena Dale Steyn apumeko. Pa kumenya, ena ankamudzudzula kuti ankasamala kwambiri kuti asatulutsidwe moti ankachedwa kupeza marani ngakhale pamene timu inkafunika kuthamanga, ndipo amamuyerekeza ndi Garfield Sobers wa ku West Indies, amene anapeza marani 8,032 ndi mawiketi 235 pa masewero 93, amene ankatha kuponya mothamanga komanso mozunguza mpira, ndiponso amene mu 1968 ku Swansea anamenya mipira isanu ndi umodzi yotsatizana yonse n'kuuluka kutuluka m'bwalo.

Chidzudzulochi chili ndi maziko, komabe chimanyalanyaza mtengo umene thupi limalipira. Woponya mothamanga amathamanga kaye mtunda, kenaka amaponda mwamphamvu ndi mwendo wakutsogolo uku akupotoza msana, ndipo amabwereza zimenezi kambirimbiri pa tsiku, moti mawondo, akakolo ndi msana zimatha msanga. Woponya wamba akamaliza ntchitoyi amapuma pamene anzake akumenya, koma wa maluso awiri amayenera kuvalanso zodzitetezera n'kukaima maola ambiri akumenya. Andrew Flintoff wa ku England, amene ankaponya ndi mphamvu zake zonse, anasiya masewero a Test mu 2009 ali ndi zaka 31 atavutika ndi bondo ndi kakolo, atasewera maulendo 79 okha. Ben Stokes, wa ku England komweko, analengeza mu 2022 kuti wasiya masewero a tsiku limodzi chifukwa thupi silikanatha kupirira mitundu yonse itatu ya kiriketi, ya Test, ya tsiku limodzi ndi yaifupi ya T20, ndipo ngakhale anabwerera pa chikho cha dziko lonse cha 2023, anachitidwa opaleshoni ya bondo mpikisanowo utangotha. Akuluakulu amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo wosewera wofuna kutsogolera pa maluso onse awiri nthawi imodzi kawirikawiri amataya onse.

Apa ndi pamene njira ya Kallis imamveka. Iye anaika kumenya patsogolo, nasunga kuponya ngati chida chachiwiri chogwiritsa ntchito mwa muyeso, ndipo chifukwa cha ichi anasewera mpaka zaka 38, natsanzika ndi marani 115 polimbana ndi India ku Durban mu Disembala 2013. Kudekha kumene ena ankakutcha kuchedwa ndiko kunapulumutsa South Africa ku Melbourne mu 1997, pamene iye, akadali mnyamata, anapeza marani 101 pamaso pa oponya a ku Australia, Glenn McGrath ndi Shane Warne, masewerowo natha popanda wopambana. Kudekha komweko kunamupatsa marani 182 osatulutsidwa pa bwalo la The Oval ku London mu 2012, chaka chimene South Africa inagonjetsa England n'kukhala timu yoyamba padziko lonse pa masewero a Test.

Poika mbali ziwirizi pa sikelo, n'zoona kuti Kallis sanali woponya woopsa ngati Imran Khan kapena Hadlee, ndipo sankasangalatsa oonerera ngati Sobers kapena Botham, choncho amene amayeza ukatswiri ndi masiku ochepa ochititsa chidwi ali ndi chifukwa chomuikira pambuyo pa iwo. Koma timu imamangidwa pa munthu amene amapezeka chaka ndi chaka, ndipo pa muyeso umenewu palibe wina amene anaphatikizapo marani oposa 10,000 ndi mawiketi oposa 250 pa masewero a Test komanso a tsiku limodzi. Masiku ano, pamene mipikisano yaifupi ya T20 yadzaza kalendala ndipo osewera a maluso awiri akufunidwa paliponse, aphunzitsi ndi mabungwe oyendetsa kiriketi ayenera kuchepetsa ntchito ya achinyamata otere adakali olimba, chifukwa mbiri ya Kallis ikutsimikiza kuti luso lachiwiri limapindulitsa timu zaka zambiri pokhapokha ngati likugwiritsidwa ntchito mosamala.