Magetsi Sali Nkhani ya Akatswiri Okha

Pali anthu ena amene anena kuti: nkhani ya magetsi isiyireni boma ndi akatswiri, mlimi agwire khasu, msodzi agwire ukonde, onse adikire. Mau amenewa ndi oipa. Ife anthu a ku Chiputo ndi a Maravia yense tiyenera kuwakana, cifukwa tidziwa kumene anatifikitsa.

Tikumbukire mbiri. Mu 1969 atsamunda Apwitikizi anayamba kumanga damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi. Mu Disembala 1974 anatseka madzi, ndipo nyanja inayamba kudzaza. Anthu oposa 25,000 anacotsedwa m'midzi yao. Ambiri anaunjikidwa m'midzi ya ukaidi imene atsamunda anali kuicha aldeamento. Madimba anamira. Manda a makolo anamira. Kodi ndani anafunsa anthu amenewa? Palibe. Akatswiri anayeza miyala ndi madzi, koma sanamvere anthu.

Damu limeneli liri ndi makina asanu, ndipo mphamvu yake ndi mamegawati 2,075. Mawaya anamangidwa, a mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, kunka ku South Africa. Magetsi anapita kutali. Mdima unatsala kwa eni mtsinje.

Pa 27 Novembala 2007, ku Songo, Mozambique analandira magawo 85 pa 100 a kampani ya damuli, ndipo Pulezidenti Armando Guebuza analengeza kuti Cahora Bassa ndi yathu. Tinakondwa, ndipo kunali koyenera kukondwa. Koma patapita zaka khumi, kalembera wa 2017 anapeza kuti m'dziko lonse, pa nyumba 10 ziri zonse, pafupifupi ziwiri zokha zinali ndi magetsi. Kuyambira pamenepo mawaya afika m'malo ambiri, komabe m'midzi yambiri ya Maravia mwana awerengera pa toci ndipo mayi apita ku cigayo ca dizilo. Cinthu cikhala cathu ndithu pamene tiri ndi mau pa ico.

Iwo anena kuti: anthu a kumudzi sadziwa za magetsi. Tiwayankhe. Katswiri adziwa kukula kwa waya. Koma ndani adziwa mjigo umene uuma mu Okutobala? Ndani adziwa kuti amayi abereka usiku mu mdima pa cipatala caciang'ono? Ndani adziwa mwezi umene mlimi akhala ndi ndalama, ndi mwezi umene alibe? Ndife. Nzeru ya katswiri ndi nzeru ya mudzi ziyenera kukhala pa mphasa imodzi.

Anenanso kuti: magetsi ndi ocepa, anthu acepetse kugwiritsa nchito. Tifunse: ndani acepetse? Fakitale ya Mozal, kufupi ndi Maputo, inayamba kusungunula aluminiyamu mu 2000. Kwa zaka zoposa 20 inali kudya mamegawati pafupifupi 950. Mlingo umenewu uli pafupi ndi theka la mphamvu yonse ya Cahora Bassa. Nyumba ya mlimi ifuna mababu atatu, wailesi ndi pochajira foni. Kusunga magetsi ndi kwabwino, koma kuyambire kwa akudya kwambiri, ndipo mapangano ao ndi boma adziwike kwa anthu onse.

Tsono njira yathu ndi iti? Tayang'anani kumwamba. Ku Tete dzuwa silisowa. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndi ku Cahora Bassa, ndipo anansi athu a ku Zambia anali kukhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Kudalira mtsinje wokha ndi ngozi. Mozambique anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa ku Mocuba mu 2019 ndi ku Cuamba mu 2023. Bungwe la FUNAE linakhazikitsidwa mu 1997 kuti lifikitse mphamvu kumidzi. Mu 2018 boma linalonjeza magetsi kwa onse pofika 2030. Mu 2021 linatulutsa lamulo la nambala 93 lonena za magetsi a m'malo amene mawaya a EDM sanafike. Malamulo alipo. Lonjezo liripo. Koma lonjezo lopanda wolikumbutsa ligona m'kabati.

Wokumbutsa ndi ife: magulu a alimi, a asodzi, a amayi, mipingo, aphunzitsi, mafumu ndi acinyamata. Gulu loterelo liri ndi nchito zinayi.

Yoyamba ndi kufunsa. Lamulo la malo la 1997 linena kuti anthu a pa malo afunsidwe malo ao asanaperekedwe. Mu Disembala 2023 boma linasaina pangano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo la damu lina, la Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa. Bungwe la Justiça Ambiental lakhala zaka zambiri liri kutsutsa damuli ndi kuumirira kuti anthu a m'mbali mwa mtsinje amvedwe. Munthu angathe kukonda damulo kapena kulikana. Koma za 1974 zisabwerezedwe.

Yaciwiri ndi kusankha. Mapanelo akafika pa mudzi, ayambe kuti? Mudzi unene: coyamba cipatala, caciwiri madzi, cacitatu sukulu. Nyumba ya munthu wamkulu idikire.

Yacitatu ndi kugawa nthawi. Mapanelo apanga magetsi ambiri masana. Madzulo onse ayatsa nthawi imodzi, ndipo mabatire atha msanga. Cotero cigayo, pampu ya madzi ndi makina owocherera zigwire nchito dzuwa liri pamutu. Usiku usiyidwe kwa nyale ndi firiji ya mankhwala. Babu lakale lidya mawati 60, babu la LED lidya 9. Magetsi a babu limodzi lakale akwanira mababu asanu ndi limodzi a LED. Katswiri sangayende khomo ndi khomo kukakamiza zimenezi. Mudzi wogwirizana ungathe.

Yacinayi ndi kusamala. Batire likalamba ndipo lifuna lina. Komiti isonkhanitse ndalama mwezi ndi mwezi, ilembe m'buku, ndipo bukulo liwerengedwe pa msonkhano pamaso pa onse. Wakuba panelo la cipatala aba kuwala kwa mayi wapakati. Tisamubise, ngakhale ali mbale wathu.

Apa tiona cifukwa cake tiphunzira kuwerenga ndi kulemba. Wodziwa kuwerenga sasaina pepala limene sanalimve. Wodziwa kuwerengera aona ngati ndalama za komiti zakwana. Wodziwa kulemba atumiza kalata ku Fingoè ndipo asunga ina yofanana nayo. Makolo athu anacotsedwa popanda kufunsidwa. Ife tisalole kukhala cete.

Mafunso okambirana

1. Damu la Cahora Bassa linatsekedwa caka citi?
2. Cifukwa ninji cigayo ca magetsi a dzuwa ciyenera kugaya masana?
3. Pa mudzi wanu, magetsi ayenera kuyamba kufika pati? Lembani zifukwa ziwiri.