Kompyuta yosatseguka ndi ya ndani?

Pali funso limene ambiri a ife sitifunsa pogula kompyuta ya patebulo. Timafunsa mtengo, timafunsa kukula kwa disiki, timafunsa ngati mausi ndi kiyibodi zili pamtengo womwewo. Koma ndi angati amene amafunsa kuti bokosi lake limatseguka bwanji? Ine ndikuona kuti funso limeneli liyenera kukhala loyamba. Tsiku limene kompyutayo idzayambe kuchedwa, yankho lake ndi limene lidzanene ngati mugula kachipangizo kamodzi kapena mugulanso kompyuta yonse.

Kachipangizo kamene ndikunenaka ndi RAM. Kwa amene mawuwa amangowamva, tiyerekeze chonchi: disiki ndi nkhokwe, RAM ndi mphasa yoyanikira. Nkhokwe ikhoza kudzadza, koma mphasa ikakhala yaing'ono mumayanika pang'onopang'ono, kuchotsa izi kuti muyale izo. Kompyuta imachita chimodzimodzi. Mukatsegula Word, mabuku atatu a PDF ndi masamba khumi a pa intaneti nthawi imodzi, mphasa imadzadza, ndipo makina amayamba kutaya nthawi ndi maulendo opita kunkhokwe. Kuchedwa kumene kumatikwiyitsa usiku womaliza asayinimenti nthawi zambiri kumayambira pamenepo. Mapulogalamu nawo akulirakulira. Windows 10 ya 64-bit inkafuna RAM yosachepera 2 GB, pamene Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna 4 GB, ndipo imeneyo ndi yongoyambira. Kompyuta imene inali yothamanga zaka zingapo zapitazo ikhoza kukhala yabwinobwino mbali zonse, kungoti mphasa yake yachepa.

Kuwonjezera RAM si ntchito yofuna digiri. Ndi kathabwa kakang'ono kamene kamalowa m'mpata wake pa motherboard, tizogwirira ta kumapeto n'kutseka. Chovuta ndi njira yokafikira pampatapo. Makompyuta ambiri amene ophunzira timakwanitsa kugula ndi a kaunjika, ochoka m'maofesi a kunja: timabokosi tafulati ta mtundu wa Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena Lenovo ThinkCentre. M'kati mwake muli mothinana ngati minibasi ya madzulo. Nthawi zambiri mipata ya RAM imakhala pansi pa chitsulo chonyamula disiki, mawaya ndi afupi, ndipo dzanja la munthu wamkulu sililowa bwino. Komabe pamakina amenewa khomo lilipo. Chivundikiro chimachoka ndi kachogwirira kapena masikuluu awiri, malo oyenera kugwira pochotsa zinthu amawapaka mtundu wowala, ndipo makampaniwo amaika pa intaneti mabuku aulere osonyeza kaphwasulidwe kake. Ndi mothina, inde, koma wopanga ankadziwa kuti tsiku lina munthu adzalowetsamo dzanja.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati chimodzi. Pali bokosi lovuta kutsegula chifukwa ndi laling'ono, ndiye pali bokosi lovuta kutsegula chifukwa wina anasankha kuti likhale choncho. Mbiri ya Mac mini, kakompyuta ka patebulo ka kampani ya Apple, ikuonetsa kusiyanaku bwino kwambiri. Pa Mac mini ya 2012, chivundikiro chapansi chinkapotokoleka ndi manja, popanda chida chilichonse, ndipo mipata iwiri ya RAM inkaonekera pomwepo. Pa ya 2014, RAM anaiwotcherera pa motherboard, moti imene mwagula nayo ndi imene mudzafe nayo. Pa ya 2018 mipata inabwereranso, koma kuti muifike munayenera kumasula masikuluu a mutu wachilendo, kuchotsa fani, kusolola motherboard yonse m'bokosi, kenaka kuchotsa kachitsulo kophimba RAM. Pa ya 2020, ya pulosesa ya M1, RAM anaiphatikiza ndi pulosesayo, ndipo nkhani yowonjezera inathera pomwepo. Chochititsa chidwi n'chakuti zaka zonsezi bokosi lakunja linali la msinkhu umodzi, masentimita pafupifupi 20 mbali iliyonse. Bokosi silinachepe. Chimene chinkasintha ndi maganizo a wopanga pa funso lakuti mwini wake aloledwe kulowamo kapena ayi.

Ife a maphunziro a za anthu timazolowera kufufuza mphamvu m'malamulo, m'zolankhula za atsogoleri ndi m'mabuku. Timaiwala kuti mphamvu imabisalanso m'zinthu zogwirika. Mu 1980, katswiri wa ku America Langdon Winner analemba nkhani yofunsa ngati zinthu zopangidwa ndi anthu zili ndi ndale m'kati mwake. Sikuluu imene sikuludalaiva wamba sangamasule ikuyankha funso limenelo mosabisa. Ndi chikwangwani cha "musalowe" chopachikidwa pa katundu amene mwalipira nokha. Risiti ikunena kuti kompyuta ndi yanu, koma kiyi wa chipinda cham'kati watsala kwa wopanga.

Ndikudziwa zimene ena angayankhe, ndipo si zopanda pake. RAM yokhala pafupi ndi pulosesa imathamanga kwambiri ndipo imadya magetsi ochepa. Anthu ambiri ogula makompyuta satsegula bokosi moyo wawo wonse. Wosazolowera akhoza kuthyola kawaya kapena kuwononga motherboard, kenaka n'kumadandaula kuti anamugulitsa chinthu chowola. Zonsezi ndi zoona. Koma taonani munthu amene mfundo zimenezi zikumuganizira: ndi munthu wokhala ndi ndalama zogulira RAM yokwanira tsiku loyamba, wokhala pafupi ndi shopu yovomerezeka ndi kampani, wokonzeka kusintha makina pakapita zaka zochepa. Munthu ameneyo si ine, ndipo ndikukayika ngati ali inu.

Ife timagula zinthu ngati mmene makolo athu amamangira nyumba. Chaka chino maziko, chaka chamawa zipupa, malata akapezeka denga. Wophunzira amagula kompyuta ya 4 GB chifukwa ndi imene thumba lalola, ali ndi chiyembekezo kuti akapeza kaganyu kapena akayamba ntchito adzaikweza kufika pa 8 kapena 16 GB. Kompyuta yowotcherera RAM imakana kamangidwe kameneka. Imati umange nyumba yonse lero, apo ayi ukhale m'kachipinda kamodzi mpaka kalekale. Tisaiwalenso kuti makina ambiri akamafika kuno amakhala atadutsa kale m'manja mwa eni ena. Chisankho chimene injiniya anapanga kutali, poganizira wogula woyamba, chimadzagwera wogula wachitatu ndi mmisiri wa ku Limbe kapena ku Lilongwe amene akuyesa kumuthandiza ndi zida zimene ali nazo.

Nkhaniyi ikukhudzanso zinyalala. Lipoti la mabungwe a United Nations lotchedwa Global E-waste Monitor la 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo gawo limene linalembedwa kuti lasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera silinafike ngakhale kota. Kompyuta yotayidwa chifukwa RAM yachepa ndi chitsulo, magalasi ndi thukuta la anthu zopita kudzala pa chifukwa chaching'ono. Mayiko ena ayamba kuchitapo kanthu. Mu 2021, ku France zinthu monga mafoni ndi malaputopu zinayamba kugulitsidwa ndi malikisi, kuchokera pa 10, osonyeza kuphweka kwa kuzikonza, ndipo mu 2024 European Union inakhazikitsa lamulo lokhudza ufulu wokonzetsa katundu. Izi ndi zabwino, koma wophunzira amene waima pashopu ya makompyuta a kaunjika mawa m'mawa sangadikire kuti malamulo a ku Ulaya amuganizire. Malikisi ayenera kupereka yekha, ndi maso ake.

Ndiye musanalipire, pemphani wogulitsa atsegule bokosi inu mukuona. Onani kuti zamutengera nthawi yaitali bwanji komanso wagwiritsa ntchito chida chanji. Werengani mipata ya RAM, muone ngati ulipo wopanda kanthu. Ngati bokosi silingatsegulidwe pomwepo, Task Manager ya mu Windows imasonyeza kuchuluka kwa RAM ndi mipata imene yagwiritsidwa ntchito. Funsani mtundu wake, chifukwa DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana. Kathabwa kalikonse kali ndi kamphako kamene kamayenera kugwirizana ndi mpata wake, ndipo kamphakoka kali pamalo osiyana pa mtundu uliwonse. Timakompyuta tating'onoting'ono kwambiri timagwiritsa ntchito RAM yaifupi ya mtundu wa m'malaputopu. Fufuzaninso malire a RAM imene makinawo angalandire, polemba dzina ndi nambala yake pa intaneti.

Tsiku lowonjezera likafika, zulani nthambo ya magetsi, dinani batani loyatsira kuti mphamvu yotsalira ithe, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zam'kati. Jambulani ndi foni mmene mawaya alili musanachotse lililonse. Masikuluu ikani m'kambale. Kathabwa ka RAM kagwireni m'mbali, kalozeni bwino ndi kamphako kaja, kenaka kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka tizogwirira titseke. M'malo othina, chinthu chikakana musachikakamize. Nthawi zambiri pamakhala kachogwirira kapena waya amene mwamuphonya. Ngati mtima sukukulolani, pitani nayo kwa mmisiri, koma khalani pomwepo muziona, chifukwa ulendo wachiwiri mudzachita nokha.

Sindikunena kuti aliyense akhale wokonza makompyuta. Ndikunena kuti kutseguka kwa bokosi ndi gawo la mtengo wake, ngakhale salemba papepala. Pakati pa makompyuta awiri a mtengo umodzi, yokongola yomata ndi yakale yotseguka ndi chala, yachiwiriyo ndi yotchipa, chifukwa ikhoza kukula limodzi ndi inu kuchokera chaka choyamba mpaka ntchito yoyamba. Ogulitsa amabweretsa zimene ogula amafunsa. Tikachuluka ofunsa kuti "imatseguka bwanji?", iwonso adzayamba kufunsa funso lomwelo kumene amakaoda katundu wawo.