Nyumba yotseka ya kumudzi: tigulitse kapena tisunge?

Aliyense woyenda mumsewu wocokera ku Mocuba kudza ku Milange, kapena wolowera m'timisewu tafumbi ta kuseri kwa phiri la Tumbine, amaziona nyumba zimenezi. Ndi za njerwa zoocha, zofolera malata, zina zopaka laimu, koma pacitseko pali loko wadzimbiri ndipo pabwalo pamera cisoso. Eni ake ali ku Quelimane, ku Nampula, ku Maputo, ku Blantyre kapena ku Joni. Amabwera pa Khirisimasi, pa maliro, kapena pa 2 Novembala kudzalambula manda. Agona masiku atatu, nabwerera. Miyezi ina yonse nyumba ndi ya mileme ndi ciswe. Tsono wamalonda a cimanga kapena mphunzitsi wosamutsidwira kuno akafunsa mtengo wake, banja limagawikana. Wa kutauni awerengera ndalama, amayi akumbukira amene anaumba njerwa, ndipo amalume angoti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, nkhani nithera pomwepo osagamulidwa.

Ine ndikuona kuti kusagamulako ndiko kuipa koposa. Banja likhoza kugulitsa, likhozanso kusunga nyumba muli munthu wosonkha moto. Koma mabanja ambiri amasankha kungoitseka, popeza njira imeneyi siifuna msonkhano ndipo siikhumudwitsa aliyense lero. Imadzakhumudwitsa onse pakapita zaka zisanu, pamene mitengo ya denga yafumbwa ndipo palibenso cogulitsa kapena cosunga.

Tisanakambe za mtengo, tiyambe tafunsa kuti cimene cikugulitsidwa n'ciani, pakuti apa ambiri timasokonezeka cifukwa ca kuyandikana ndi Malawi. M'dziko la Mozambique nthaka ndi ya Boma. Malamulo aakulu a dziko amanena zimenezi, ndipo Lamulo la Nthaka la pa 1 Okutobala 1997 limabwereza kuti nthaka siigulitsidwa, siipinyolitsidwa, ndiponso siilandidwa cifukwa ca ngongole. Cimene banja lili naco ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, umene m'maofesi amauchula DUAT. Ufulu umenewu munthu amaupeza mwa kukhala pamalo monga mwa mwambo wa makolo, kapena mwa kugwiritsa nchito malo ndi mtima woona kwa zaka zosacepera 10, kapena mwa kupempha ku Boma. Ngakhale wopanda cikalata ali nawo ndithu, ndipo umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi umalandiridwa. Ana amaulandira ngati colowa, wamkazi ndi wamwamuna cimodzimodzi. Zimene munthu angagulitse ndi zimene manja ake anaika pamalopo: makoma, malata, citsime, mitengo yobzala.

Lamulolo limasiyanitsanso nyumba ziwiri. Ya m'tauni, monga ya m'mabairo a vila ya Milange, ikagulitsidwa mwa dongosolo, ufulu wa malo ake umatsata nyumbayo. Ya kumunda siitero: wogula makoma sakhala mwini ufulu wa munda pokhapokha akuluakulu a Boma oyang'anira za malo atavomereza. Amene amawerenga Baibulo adzakumbukira kuti buku la Levitiko, mutu 25, linasiyanitsa momwemonso. Nyumba ya mumzinda wa linga inkatha kugulitsidwa kotheratu ngati mwini wake sanaiwombole caka cisanathe, koma nyumba ya m'midzi yopanda linga inkawerengedwa pamodzi ndi minda ndipo inkabwerera kubanja. Anthu akale aja anaona cimene ifenso timaona: nyumba ya m'tauni ndi katundu, koma ya kumudzi siingadulidwe kucoka ku munda, kudimba ndi kumanda popanda kutulutsa magazi penapake. N'cifukwa cake sindingapereke uphungu umodzi pa nyumba zonse ziwiri. Amene ali ndi nyumba yaciwiri ku vila, yomwe anamanga ndi malipiro ake, akhoza kuigulitsa kapena kuikamo alendi monga aonera. Nkhani yolemera ndi ya kumudzi.

Kuno kumalire wogula kawirikawiri amacokera kutsidya kwa Muloza, ndipo nthawi zina ndi msuweni weniweni. Tisamunamize. Mlendo wa dziko lina sapeza ufulu wa malo mwa kungopereka ndalama pamaso pa mfumu. Lamulo limafuna kuti akhale atakhala m'dziko muno zaka zosacepera 5 ndiponso kuti akhale ndi nchito yacitukuko yovomerezedwa. Kulandira ndalama zake tikudziwa kuti mawa akhoza kuthamangitsidwa ndi kuba, ngakhale pakhale mboni khumi. Ndipo amene alandira makwaca akumbukire Novembala wa 2023, pamene kwaca inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene anagulitsa nyumba sabata yapitayo nasunga ndalama zake m'thumba la pansi pa mphasa anadzuka ndi cipinda cimodzi citasowa.

Funso lovuta kuposa la malamulo ndi lakuti nyumbayo ndi ya yani. Wa kutauni amati ndi yake, popeza ndiye anatumiza ndalama za malata ndi simenti, ndipo sanama. Koma m'midzi yambiri ya kuno, pakati pa Alomwe ndi Anyanja, malo amayenda ndi mbumba ya akazi. Nyumbayo inamangidwa pamalo a amayi, ndipo mlongo amene anatsala ndiye anatunga madzi a dothi, naphikira oumba njerwa, nadwazika makolo mpaka kuwaika. Nchito imeneyo ilibe risiti. Pa msonkhano wa banja mlongoyu amakhala pamkeka kumbuyo, ndipo akafunsidwa amangoti, "Monga mwaonera, acimwene." Mau amenewo asatengedwe ngati cilolezo. Afunsidwe payekha, ndi amalume kapena ndi amayi aang'ono, kumene angathe kunena zakukhosi. Cimodzimodzinso mkazi wamasiye. Lamulo la za colowa la caka ca 2019 linamuika pamzere woyamba wa olandira colowa pamodzi ndi ana, ndipo abale a malemu amene agulitsa nyumba iye ali moyo, namuuza kuti abwerere kwao, alakwira lamulo ndi cikumbumtima comwe.

Acinyamata amadabwa cifukwa cimene okalamba amakanira ngakhale mtengo wabwino, ndipo amati n'kuumira cabe. Iwo sanaone 1986. M'caka cimeneco nkhondo inafika pa vila ya Milange, anthu anaoloka malire ndi mitolo pamutu, minda ya tiyi imene inkalemba anthu nchito inasanduka chire, ndipo Malawi anafika posunga othawa kwao oposa miliyoni imodzi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera napeza makoma atagwa ndi njira zitatsekeka. Cimene cinawasonyeza pakwao ndi mitengo ya mango ndi manda. Munthu amene anadyapo ufa wa m'kampu, woyezedwa ndi mbale, amadziwa kusiyana kwa wothawa amene ali ndi kobwerera ndi amene alibe. Kwa iye nyumba ya kumudzi ndi pothawira tsiku limene tauni idzamulavula. Ndipo tauni imalavuladi. Nchito imatha, lendi imakwera, ndipo a ku Joni anaona mu 2008 ndi mu 2015 alendo akuthamangitsidwa m'makomboni, mabasi nawabweza kwao opanda kanthu m'manja. Amene akufuna kugulitsa ayambe wayankha funso la agogo, lakuti zikadzavuta ana ake adzatsikira pakhomo pa yani. Ngati yankho lilipo, monga nyumba ya mlongo kapena malo ena a mbumba, nkhani ipitirire. Ngati palibe, mtengo uliwonse ndi wocepa.

Komabe sindigwirizana ndi amene amayesa kugulitsa kulikonse ngati kupereka makolo kwa adani. Makolo sali m'malata. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Marichi 2023, anagwetsa mvula yosaleka masiku angapo kuno ndi kutsidya ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo pamvula yotere nyumba yopanda woikumbira ngalande kapena wokhomerera lata lotukuka imayamba kugonja. Kusunga nyumba kumadya ndalama caka ndi caka, ndipo pali mabanja amene akulipira mlonda wa nyumba yopanda munthu pamene mwana wao wasiya sukulu cifukwa ca kusowa zolipira. Pamenepo cikondi ca kumudzi casanduka kudzionetsera, kuti anthu azinena kuti uje anamanga kwao. Ngati pali wodwala wofunika kupita naye ku cipatala cacikulu ku Quelimane, kapena mwana amene wakhoza mayeso ndipo palibe njira ina, kugulitsa makoma kuti munthu apulumuke si cinthu cocititsa manyazi.

Cimene ndimaopa ndi kugulitsa cifukwa ca phindu loyembekezera. Wina afuna njinga yamoto yonyamula anthu, wina afuna mpamba wogulira mbewu kuti akagulitse ku Limbuli. Alimi a nandolo akukumbukira 2017, pamene India anacepetsa nandolo wolowa m'dziko lake ndipo mtengo unagwa anthu atalima minda yonse. Malonda a mbewu amadalira zigamulo za anthu okhala kutali amene sadziwa n'komwe kuti Milange ali kuti. Njinga yamoto ikatha zaka zitatu ndi citsulo cakutha. Ndiponso kugulitsa m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, n'kudzipereka m'manja mwa wogula, pakuti iye amaona nkhokwe yanu asanachule mtengo.

Njira imene ndimaikonda, pamene banja silili pamoto, ndi kutsekula nyumbayo. M'mudzi uliwonse muli mdzukulu wongokwatira kumene, mkazi wamasiye amene nyumba yake inagwa, mphunzitsi kapena namwino wosowa pogona. Ambiri amakana poopa zaka 10 zija, kuti wobwerekayo adzati malo ndi ake. Koma lamulo limanena za munthu wokhala ndi mtima woona, ndipo amene anabwerekedwa poyera, akudziwa mwini wake, sangadzinenere kuti sankadziwa. Cofunika n'cakuti kubwerekako kucitike pamaso pa mfumu kapena sekeretariyo wa bairo, kulembedwe papepala m'Cipwitikizi ndi m'cinenero cathu, ndipo pepala lina likhale ndi wa kutauni. Mulembedwe amene adzakonza denga, amene adzakolola mango ndi nthoci, ndi cipinda cimene cidzasiyidwira eni ake akabwera pa maliro. Abale amacita manyazi kulemberana, ngati kuti pepala ndi cizindikilo ca kusakhulupirirana. Koma amene adzakangane si iwo, ndi ana ao, amene sadzakhala atamva zimene anapangana.

Banja likagamula kuti ligulitse ndithu, liyambe kufunsa a m'mbumba momwemo, ngakhale apereke mtengo wocepa ndi kulipira pang'onopang'ono pokolola. Akalephera, ndiye afunsidwe a m'mudzi, ndipo wakunja akhale wotsiriza. Mtengo uchulidwe onse ali pamodzi, m'metikali, ndipo gawo la mlongo wosunga makolo ndi la ana amasiye lipatulidwe ndalama zisanakwere basi. Apite ku ofesi ya za malo ya boma la Milange asanalandire kanthu, kuti wogula adziwe cimene akugula. Malire ayendedwe ndi mapazi, anansi a mbali zonse alipo, ndipo anene momveka ngati dimba la kumtsinje ndi nsungwi za kuseri zili m'malondawo kapena ai. Ngati pafupi pali manda a banja, njira yopita kumeneko ichulidwe m'pepala ndi m'lifupi mwake, yokwanira anthu onyamula bokosi, pakuti wogula akadzamanga mpanda wake adzaumanga pamene pepala lamulola.